Loko wa Jeff ku Kambombo

Jeff 09:52
ba Damaris, gemu yophunzitsa chitetezo yakonzeka. anthu 5 a pakiliniki ndawatsekera mu chipinda cha miting'i. loko kunja, kiyi mthumba mwanga

Jeff 09:53
mafunso 6. pasiwedi yobisika, foni yabodza yopempha PIN, bokosi la manambala. akagwirizana apeza kiyi ya spea, andipatsira pawindo. mphindi 45

Damaris 09:58
Ikayenda bwino ndisaina upite nayo ku Lundazi. Ndidziwa ku Chama kwakutopetsa.

Jeff 09:59
miyezi 7 boss. ndadziwa mbuzi iliyonse ndi dzina

Jeff 10:00
tayamba

Jeff 10:04
atuluka

Damaris 10:05
Ndani?

Jeff 10:05
onse

Jeff 10:06
masabata atatu ndikulemba mafunso. sanawerenge olo limodzi. envulopu ikali yomata

Damaris 10:07
Athyola chitseko?

Jeff 10:09
ayi. ba sista Tisiyenji aitana mayi wina pamzere wa sikelo. amupatsa kiyi ya kunyumba kwao pawindo. mayi watsegula, mwana kumsana. ine ndili pansi pa mtengo ndi stopwatch

Jeff 10:10
[mau a ba Tisiyenji, 0:14] "Ba Damaris, musamukalipire mwana wa ku Lusaka. Maloko aja a golide a pamsika kiyi ni imodzi. Kuno tonse tidziwa. Ukataya yako ubwereka kwa neba."

Jeff 10:12
ba Morris a wochimani ayesa yao. yatsegula. ba Hosea a pakiliniki ayesa ya loko wa njinga yao. yatsegula. manje pali mzere, aliyense afuna kuyesa

Damaris 10:13
Mgwirizano ulipo kkk

Jeff 10:13
ndaphunzitsa chitetezo mu zigawo zinayi ine. satifiketi ili mu fulemu

Damaris 10:21
Jeff. Pa stolo ya mankhwala pali loko wanji?

Damaris 10:29
Jeff?

Damaris 10:40
Mu lipoti ya mwezi watha unalemba kuti wasintha loko wa stolo. Unagula kuti?

Jeff 10:44
anali awiri mu paketi

Jeff 10:58
tawerenga makatoni ndi ba sista. onse alipo. ati anandiona ndikukhoma tsiku lija, anachita manyazi kundiuza pakuti ndinali wokondwa maningi

Jeff 10:59
kuchokera tsikulo ba Morris agona pakhomo pa stolo. mwezi wathunthu. pa mphasa. chifukwa cha ine

Damaris 11:01
Motoka ili ku Tembwe mpaka mawa. Loko weniweni afike lelo, ba Morris akagone kwao.

Jeff 11:03
ba Hosea andibwereka njinga. kiyi sanandipatse. ati ndili nayo kale

Jeff 13:47
mchenga. ndikukankha. njinga ndiyo yakwera ine

Jeff 15:20
ndagula. wa sitolo ndamuyesetsa makiyi 11 pamaso panga. aganiza ndine wakuba

Jeff 15:22
za Lundazi boss?

Jeff 16:05
boss