Phulusa pa Duwa la a Douglas

Lolemba, 6 Meyi 2024

Rododendironi, chitsamba cha maluwa cha a Douglas chija, akudwala. Masamba achita chikasu, mitsempha yokha ndiyo yatsala yobiriwira. Chaka chatha nthawi ngati ino amuna angawo anali chogwada pompano, kuwerenga mphukira ngati ana awo. Lero agona ku Ntcheu, ine ndili ku Oshawa, kutsidya kwa nyanja kuno. Manda ali kutali, ndiye ndikafuna kulankhula nawo ndimabwera pa chitsambachi. Chikafa ndidzapita kuti?

Lachitatu, 8 Meyi

Kunabwera Bupe, mnzanga wa kutchalitchi uja amagwira ntchito kogulitsa mbande za maluwa. Anangokanda dothi kamodzi n'kundiyang'ana.

"Asisi, ichi n'chiyani?"

Ndinati phulusa. Chiyambire Okutobala ndakhala ndikupempha kwa aneba, aja ali ndi mbaula ya nkhuni. Kwathu si timathira pa nthochi n'kumabereka mikoko yosanyamulika?

"Mayo ine! Uyu amafuna acid soil, dothi la asidi, asisi. Phulusa limamupha. A Douglas sanakuuzeni?"

Sanandiuze. Inenso sindinafunsepo. Akamatakataka kuseriko ndinkangowaseka kuti akwatira mkazi wachiwiri, wosaphika n'komwe. Ndiye taonani, ndakhala ndikupha m'dzina lodyetsa.

Lachinayi, 9 Meyi

Sungeni, mwana wanga: "Mum, just buy another one." Angagule bambo ena?

Loweruka, 11 Meyi

Tsiku lonse kukokolola phulusa ndi manja. Khasu ayi, Bupe wati mizu yake imayenda pamwamba penipeni, ndipo ndi yopyapyala ngati tsitsi. Ndayala masamba a paini amene anandibweretsera, ndathirira madzi a mvula a mumgolo. Msana wachita kuuma.

Mphukira zambiri zauma, ukazigwira zikungoyoyoka. Bupe wati mwina achira, mwina ayi, tidzaona chaka chamawa. Chaka chamawa! Amalankhula ngati ndi mawa.

Ndakusowani, bambo a Sungeni. Ndakusowani koopsa. Mukanandikalipira lero ndikanakondwa.

Lamulungu, 12 Meyi

Kutchalitchi sindinapite.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndisanapite kuntchito ndinati ndimalize mbali yakumpanda, kumene dzanja langa la phulusa silinkafika bwino. Nthambi ina yam'munsi inakana kutukuka. Ndinakoka, osatheka. Nditafukula pang'ono ndinapeza waya wa hang'ala yopachikira zovala, wopindidwa bwino, ataipanikiza nthambiyo m'dothi. Pansi pake mizu yoyera, yatsopano. Nsonga yatulukira uko, masamba asanu, obiriwira bii.

Ndinamujambulira Bupe. Wati umo ndi mmene amachulukitsira, nthambi imamera mizu ikadali kwa mayi wake, ndipo zimatenga chaka kapena kuposa.

Ndiye kuti a Douglas anapinda wayayu asanagonekedwe m'chipatala. Osandiuza, monga mwa nthawi zonse.

Ndakwiriranso bwinobwino. Basi ya 7:40 yadutsa ndikuiona, ndidakali chogwada, chala chili pa waya.