Njira Yadutsa m'Dimba Lanu

Nathenje, 9 Ogasiti 1972

Okondedwa alamu a Isake,

Muli bwanji kumgodi ku Joniko? Ife kuno tili bwino ndithu. Mlongo wanu Martina ali bwino, amayi anu mwendo uja wachitako bwino. Mwana wathu Enifa, amene munamusiya ali kumsana, pano akuthamangitsa nkhuku.

Nkhani ndi ya kamtsinje kaja ka kuseri kwa msika. Mukudziwa mmene anthu anakasandutsira dzala: zitini, mabotolo osweka, zonyansa za kophera mbuzi. Mu Epulo Enifa anatsegula m'mimba masiku anayi, mpaka tinapita naye kuchipatala ku Nkhoma. Anesi atandifunsa kumene timatunga madzi, ndinangoyang'ana pansi.

Titabwerako ndinatenga khasu ndi fosholo. A Yakubu a sitolo anandibwereka wilibala, amvekere ngati ndikufuna golide m'zinyalala bwanji osangokutsatirani ku Joni. Sabata isanathe, eni akewo analowa m'matope, buluku atapinda. Kenako amayi a m'mudzi. Opha mbuzi tawakumbira dzenje kumtunda, ndipo m'mphepete tadzala nsenjere ndi bango monga anatiuzira alangizi.

Alamu, mukanaona! Madzi akuyenda, mchenga ukuoneka pansi. Nkhanu zabwerera, timatemba tilimo, nantchengwa wamanga chisa mumkuyu uja. Martina sayendanso mtunda wopita kumtsinje waukulu kumene ankatunga chibwerereni ku Nkhoma, ndipo mwana wanenepa.

Tsopano ndinene chimene chikundidya mumtima. Madzi ankaima chifukwa cha nzimbe zanu, zija munadzala pakati pa khwawa. Ndinazizula. Ndazidzalanso kumtunda mizere itatu, zaphuka zonse kupatula mapando awiri. Komanso njira yopita kumadzi yadutsa m'dimba lanu, poti kwinako kuli phompho. M'lifupi ndi mapazi anayi basi, ndinayeza.

Ndinalakwa kuchita izi osakufunsani. Kalata imatenga mwezi, mwana anali akuwonda, ndiye ndinapupuluma.

Amayi anu akuti mkamwini sagawa dimba la eni ake. Akuti mawu ali ndi inu mwini mbumba, mukakwiya nditole mphasa yanga ndibwerere kwathu ku Mitundu. Amanena akuseka, chikho cha madzi omwewo chili m'manja, koma ine kuseka kumandikanika. Mukudziwa mwambo wathu: ku Mitundu ndingapite ndekha, Enifa n'kutsala.

Chonde alamu, lembani mawu awiri okha oti ndiwawerengere amayi. Mukati njira itsekedwe, tsiku lomwelo ndiitseka ndi minga, sinditsutsa, dimba ndi lanu. Koma nzimbe zokhazo musandiuze kuti ndizibwezere m'madzi. Pamenepo ndiye ndingakulakwireni kachiwiri.

Mulungu akusungeni pansi panthakapo. Mundiperekere moni kwa a Gilibati ngati mukadali komboni imodzi, muwauze kuti denga la amayi awo tafolera.

Ndine mlamu wanu,
Efulemu