Ana Akhalira Mtumbira wa Paston

Nkhata Bay,
14 Ogasiti 1956

Wokondedwa Henderson, mwana wa mlongo wanga,

Lyton Kamanga, amene ndamva kuti mumapemphera naye limodzi ku migodi ya ku Wankie, ndiye wandichititsa kulemba kalatayi. Koma poyamba landira moni. Kuno tili bwino, kungoti chifuwa chandiletsa kufika kumsika.

Iwe unali usanabadwe pamene tinkamanga tchalitchi chakale cha kuphiri. Lyton anali kapitawo wathu. Malume ako Paston, mkulu wanga, anagwa kuchokera padenga n'kufera pomwepo. Lyton anauza mzungu wa mishoni kuti anali ataledzera, ndipo anamuika kunja kwa mpanda wa manda, popanda nyimbo. Paston sankamwa mowa. Ine ndinali pansi, ndinaona amene anali pafupi ndi makwerero, koma zimenezo si za papepala.

Lachisanu aphunzitsi anatenga ana a sukulu kukaona tchalitchicho, akuti aphunzire mbiri. Ndinawatsatira pang'onopang'ono ndi ndodo yanga. Anawerenga mayina a azungu pamiyala ya manda n'kulemba m'makope. Atatopa anatuluka kunja kwa mpanda, anakhala pamtumbira wa Paston n'kumadya chinangwa.

Ndinati, "Aphunzitsi, anawo akhalira munthu."

Aphunzitsiwo anaseka. "Ada, chimenecho ndi chulu. M'buku la manda mulibe."

Ndinangotembenuka n'kubwerera kunyumba.

Umuuze Lyton kuti kupepesa kwake sindikukufuna. Mvula ya chaka chino sindikudziwa ngati ndiiona. Abwere isanagwe, adzaime pamtumbirapo pamaso pa anawo, atchule dzina la Paston, ndipo anene ndi pakamwa pake kuti sanaledzere.

Ndine malume ako,
Yesaya Longwe