Zikhomo Zitatu za Apongozi

Lolemba, 5 Meyi

Mphunzitsi wa masamu wapita kukachira. Ahedi andiitana pa buleki: kalasi yake ndi yanga mpaka abwere. Ine wa mbiri yakale! Choonjezera, Lachitatu sabata yamawa kukubwera oyendera sukulu, kudzaona ngati ndikuyenera kulembedwa ntchito yokhazikika. Adzandipeza m'kalasi ya masamu yomweyo. Ahedi akuti, "Mutu wake ndi wophweka, madontho ndi mizere basi." Kuphweka pakamwa.

Buku andipatsalo lopanda chikuto. Fungo la mphemvu.

Lachiwiri, 6 Meyi

Manyazi lero. Ndinauza ana monga likunenera buku, kuti kadontho kalibe utali, kalibe mulifupi, kamangosonyeza malo. Mtsikana wa kutsogolo, amene anzake amamutcha Loya, mkono m'mwamba: "Madamu, ngati kalibe kukula, ifeyo tikukaona bwanji?" Ine kutsokomola. Nditafika pa puleni, wina kumbuyo anayamba kulira ngati ndege. Kalasi yonse phwete, ine ndemwe. Belu ndi limene linandiombola.

Lachinayi, 8 Meyi

Masana pakhonde, ndikubwereza phunziro mokweza. Apongozi aamuna pampando wawo. Miyezi itatu ali nafe chidwalire sitiroko, ndipo chimene timayankhulana ndi moni yekha. Mwana wawo, amuna anga, ali pa ulendo ndi thiraki, kubwera kumapeto kwa mwezi.

Ndinangomva, "Mayi, choko chikukuzunzani. Pezani zikhomo ndi chingwe." Ndinachita kucheuka kuona ngati akunena ine.

Zaka makumi anayi akumanga nyumba za anthu. Ndinali nditaiwala.

Anandikhometsa chikhomo chimodzi pabwalo, iwo akuloza ndi ndodo. Chingwe ndinazungulira nacho mbali iliyonse. Chachiwiri chitalowa, chingwe chilili, njira imodzi yokha. Akuti mzere ndi umenewo, ndipo chingwe chikatha mzerewo sunathe, maso amaupitiriza mpaka kubzola mpanda wa aneba. Chachitatu anati ndikhome pambali. Thabwa lalikulu pamwamba pa zitatuzo: phee, osagwedera. Titaziika zonse mumzere umodzi, thabwa pendeke, linandimenya chala chakuphazi. Apongozi anaseka mpaka misozi. Mbali imodzi yokha ya nkhope, komabe kuseka.

Ndiye puleni ndi chimenecho. Malo athyathyathya opanda malire. Chala chatupa.

Loweruka, 10 Meyi

Kuchapa, kukolopa. Apongozi ndinawafotokozera funso la Loya. Ananditengera pakona ya chipinda chochezera. Makoma awiri pokumana, mzere. Makomawo pokumana ndi simenti ya pansi, kadontho. "Lozani," ndinaloza. "Tsopano katoleni mundipatse." Palibe chotola! Malo alipo, chinthu palibe.

Anazondanso tebulo lathu lodyera, lija timaliikira katoni pansi pa mwendo. Miyendo inayi imakangana, akutero, itatu imamvana.

Chakudya chamasana anaonjezera. Nkhani za nyumba zimene anamanga mpaka dzuwa kupendeka: ya dokotala wina amene ankafuna khomo liyang'ane kolakwika, ya mayi amene anawaphikira tiyi wamchere posokoneza mabotolo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwaopa munthu ameneyu. Chifukwa chake sindikuchiona.

Lachitatu, 14 Meyi

Zatheka!

Ndinapita ndi thumba la zikhomo, chingwe, hamala ndi thabwa. Mlonda pageti anafunsa ngati ndasintha ntchito. Oyenderawo ndi mayi wa magalasi, nkhope yosaseka. Ana ndinawatulutsa panja. Kukhoma, kukoka chingwe, kulimbirana hamala. Zikhomo tinazitcha A, B ndi C. Wa ndege uja ndi amene anazindikira yekha kuti zikakhala mumzere umodzi thabwa ligwa.

Titabwerera m'kalasi ndinamutuma Loya pakona kuti akanditolere kadontho. Anagwada, n'kufufuza ndi chala, kenako: "Aaa, Madamu, mwandigwira." Mtima wanga kuti myaa!

Mpando wa oyendera unkagwedera. Loya osachedwa: "Amayi, tidule mwendo umodzi?" Ndinafa ndili chiimire. Koma mayi aja magalasi m'manja, kuseka mpaka kutsamira khoma.

Potuluka anandifunsa koleji imene ndinaphunzira zimenezi. Ndinati pakhonde, kwa apongozi. Analemba kanthu. Ahedi pondidutsa anangoti ndisadandaule, kalata ibwera.

Kunyumba ndinawapeza apongozi atavala jekete, akudikira pageti. Ndinafotokoza zonse kawiri.

Lachisanu, 16 Meyi

Zikhomo ndinabwera nazo, zilembo zake zikadali pomwepo. Lero ndawapeza apongozi atazindandalika pakhonde, akuzitembenuza ndi dzanja labwinolo. Nditawapatsa tiyi anandiuza ndikhale kaye.

Anayankhula akuyang'ana pansi. Mapulani a nyumba ankawerenga mizere ndi manambala okha. Mawu ankawawerengera ndi malemu apongozi aakazi, madzulo alionse, popanda wodziwa. Ngakhale mwana wawo sadziwa. Ku banki ndi kuchipatala amadinda chala, amvekere dzanja likunjenjemera.

"Mwa zitatuzi, chilipo cha m'dzina langa?"

Chilipo. A, ndipo kawiri. Ndinawaonetsa: mizere iwiri yokumana pamwamba, wina wopingasa. Anayang'anitsitsa, amvekere, "Iyi ndi thirasi ya denga. Ndakhomapo zambirimbiri."

Akuti tiyambe kuphunzira zilembo lero lomwe, mwana wawo asanabwere, adzamudzidzimutse. Ndakolopa pakhonde kuti simenti iwale. Akuitana. Choko chija ndachiika pati