Pegi ya a Norman

Handsworth, Birmingham
3 Okutobala 2005

Okondedwa Achimwene a Ellard,

Pepani kuti ndikukuvutitsani pomwe muli ndi zanu zambiri. Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo uja unaphwa? Ife tili bwino, mkazi wanga Felista akugwirabe ntchito kuchipatala. Kwayamba kuzizira.

Paja ndinakuuzani za a Norman, mzungu wachikulire woyandikana nafe, amene amaulutsa tindege tamatabwa towongolera ndi wailesi. Atamva kuti ndinkakonza nanu mawailesi ku Limbe, anandipempha kuika zida m'kandege kamene anakapanga kwa zaka ziwiri. Risiva ndinaikulunga m'siponji kuti injini isamaigwedeze, eriyo ndinaiwongola, batire ndinalitchaja n'kulembapo tsiku. Ankandiseka kuti ndimagwira waya ngati ndikusambitsa khanda.

Kubwalo la kilabu yawo kuli thabwa la mapegi oyanikira zovala, iliyonse ndi nambala yake. Wopanda pegi saloledwa kuyatsa bokosi lowongolera ndege, chifukwa mabokosi awiri a nambala imodzi amasokonezana.

Masabata awiri apitawo a Norman anatenga pegi 72 n'kuulutsa. Ine ndinali kugalimoto ndi bokosi lawo lakale limene anandibwereka, la nambala yomweyo. Ndinayamba kukayika ngati ndinalitchaja. Inu munandiphunzitsa kuyesa chinthu katatu. Ndinayatsa n'kuthimitsa katatu, maso pa singano yosonyeza mphamvu ya batire. Za pegi sindinaganize n'komwe. Podzutsa mutu, kandege kanali kataloza pansi. Kanaswekera m'munda.

Palibe anandiona. Zidutswa tinatolera m'thumba la zinyalala. A Norman anati zida ndinaika bwino, koma zala zawo ndizo zakalamba. Anati akazi awo, a Ann, anawauza kale kuti azingodyetsa abakha kupaki. Anaseka, koma mpaka lero shedi yawo yopangiramo tindege sanaitsegule. Akuti pamsonkhano wa kilabu, Lamulungu pa 30, adzalengeza kuti asiya, ndipo zida zonse adzandipatsa ine.

Achimwene, sindingazilandire. Felista akuti ndikhale chete, kuulula sikudzutsa ndege. Koma munthuyu akusiya chimene amakonda chifukwa cha kulakwa kwanga. Ndikaulula mwina andichotsa kukilabu, ndipo kuno ndi a Norman okha amene amagogoda pakhomo panga n'kunditchula dzina. Pegi ija anaiiwala m'galimoto, ili m'jekete langa. Ndikaibwezere kwa iwo paokha, kapena pamaso pa onse? Nanga ndiyambe ndi mawu ati? Inu mawu mumawadziwa, ine ndimadziwa waya basi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Roselyn ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Chonde mundiyankhe tsiku la 30 lisanafike. Kalata ingachedwe, mungofulasha, ndiimba ndine.

Ine mng'ono wanu,
Rapson