Mbale ya Azakhali ku Dimba

Lachinayi, ku Trelawney, kuno ku Zimbabwe. Lero nkhope yandilemera.

Tikusankha fodya m'shedi, wailesi ya Mai Chipo, amene timagwira nawo ntchito, inayika nyimbo za jazi za azakhali anga a Saujati, amene anamwalira ku Harare mwezi watha. Mawu awo aja, amaimba ngati akunong'ona koma shedi yonse inangoti zii. Kenako woulutsa anati mbale yawo yoyamba ya galamafoni inasowa, ngakhale kuwailesiko alibe, ndipo amene ali nayo awathandize.

"Nhai iwe, si tete ako amenewa?" anandifunsa Mai Chipo, kutchula azakhali m'Chishona. Ndinangovomera ndi mutu, maso ali pa fodya.

Mbaleyo ili kwathu kuno. Azakhali anawatumizira bambo kalekale, koma bambo sanaimvere n'kamodzi komwe. Ankati mwana wa Chisilamu saimba m'mabala. Ine chaka chatha ndinaipeza pansi pa sutikesi, n'kukaimangirira pamtengo ku dimba kuti iziopseza mbalame.

Poweruka ndinathamangirako. Yapindika ndi dzuwa ngati tsamba la fodya, koma dzina lawo likuwerengekabe pakati. Ndaipukuta ndi mpango wanga. Mawa Mai Chipo akandifunsanso, kaya ndiyambira pati.

Azakhali anaimbira dziko lonse. Ife abale awo tinawalemba ntchito yoingitsa mpheta.