Chipinda cha Pamwamba Chinali cha Yani

Lolemba, 8 Sepitembala

Tafika. Hotela ndi yaikulu, mitengo mbali zonse, dziwe losambiramo pakati. Watilipirira ndi mwana wathu wachisamba, akuti makolo ake tipumeko, poti chikwatirane ine ndi Mayi sitinagonepo pamalo opanda ntchito. Wandilumbiritsa zinthu ziwiri: ndisakangane ndi munthu, ndisakhudze mpopi wa eni ake. Bokosi la zida ndasiya kunyumba. Sipanala yaing'ono ili m'thumba la jekete, koma imeneyo kwa pulambala si chida, ndi ngati mpango.

Tabwera ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa Mayi, ndi amuna ake a Tayi. Iwo adzilipirira okha. Dzinali ndinawapatsa ndine, poti munthu wa inshuwalansi ameneyu savula tayi ngakhale akukataya zinyalala.

Pa kauntala panali mtsikana wa mawu ofatsa. Mayi, monga mwa khalidwe lawo, anayamba kumufunsa ngati miyendo simupweteka kuima tsiku lonse. Mtsikana anaseka, nayang'ana pa kompyuta, kenako akuti chipinda china cha pamwamba chilibe munthu sabata ino, ndiye watisamutsira kumeneko. Ndinafunsa mtengo. Akuti palibe. Ndinafunsanso, poti ine chinthu chaulere ndimachisuzumira kunsi, sipalephera kukhala podontha. Akuti ndi mphatso ya hotela basi. Mayi anandiponda phazi. Ndinatseka pakamwa.

Chipindacho ndi nyumba yathunthu. Bedi loti munthu n'kusocherapo, khonde loyang'ana mapiri, dengu la zipatso, mikanjo iwiri ya matawulo. Ndiye bafa. Logonamo, loyera mbee, la miyendo inayi, pafupi ndi zenera. Mabafa otere ndaika ambiri m'nyumba za anthu, msana wanga ukuwadziwa kulemera kwake. Kwathu kuli shawa, bafa limatha madzi, ndinanena kale. Mayi anaima n'kumalisisita m'mphepete ngati akusisita khanda. Akuti lero atopa ndi ulendo, alowamo mawa, mosathamangitsidwa ndi munthu.

Ndasuzumira kunsi kwa sinki. Mapaipi anaika bwino. Amene anagwira ntchitoyi si wakuba.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Ndagona ngati mwala.

Chakudya cham'mawa n'chodzitengera wekha. Ine mazira, buledi, tiyi, basi. A Tayi mbale ziwiri zosefukira, ndipo ndinawaona akukulunga timabanzi m'kapepala n'kulowetsa m'thumba. Ndinawafunsa ngati amva kuti kukubwera njala. Mlamu anaseka mpaka kutsamwa. Iwo akuti zonsezi zinalowa kale mumtengo, wosatenga ndiye wopusa.

Pomwepo anaona tizibangili tathu ta pulasitiki. Alendo onse amavala pamkono. Tawo n'toyera, tathu n'tagolide. Tagolide timalowetsa m'kachipinda kena komwe masana kuli tiyi ndi makeke. Nkhope ya a Tayi inasintha. Akuti iwo anayenda, akudziwa kuti hotela iliyonse imabisa chipinda chimodzi, ndipo ukapatsa wina pagulu uyenera kupatsa onse. Anapita pa kauntala. Mtsikana uja anawauza mwaulemu kuti chinali chimodzi chokha. Anaitanitsa manijala. Manijala ananena zomwezo, ndi mano onse panja. Ine ndinaima patali kuwerenga chikwangwani cha malamulo a padziwe, kuti anthu asadziwe kuti tinakwatira khomo limodzi.

Masana ndinagona pampando wautali m'mbali mwa dziwe. Kugona dzuwa lili paliwombo, ine. Palibe foni, palibe wolira kuti chimbudzi chatsekeka. Mnyamata wa zakumwa (wamkulu ndithu, wandevu) anandibweretsera madzi ozizira osawapempha. Zinthu izi munthu ukhoza kuzizolowera, m'pomwe pali ngozi.

Mayi sanalowebe m'bafa. Mlamu anabwera kudzaona chipinda, a Tayi pambuyo, ndipo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Dengu la zipatso latsala nthochi imodzi yokha. Atachoka, Mayi akuti madzi otere salowa munthu ali ndi tulo m'maso. Mawa.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Sindinakangane ndi munthu. Ndalemba poyamba kuti zidziwike.

M'mawa a Tayi anayambira pomwe analekezera. Msana ukuwapweteka, zenera lawo layang'ana poimika magalimoto, hotelayi anaipeza ndi iwo n'kuuza mwana wanga. Ndinameza. Akazi atanyamuka kuti akaone kasitolo ka pahotela, a Tayi anawonjezera kuti mwayi umagwera anthu osadziwa n'komwe ntchito ya mkanjo wa tawulo. Ndinamezanso, koma tiyi anayamba kuwawa.

Kenako anapitanso pa kauntala. Ulendo uno mawu anakwera. Akuti mtsikanayo analakwitsa, anapatsa anthu olakwika, iwo ali ndi khadi la alendo okhazikika, ndipo adzalemba dzina lake pa intaneti. Mwana wa eni ake maso anafiira, koma anangoti pepani bambo, pepani bambo. Ndinanyamuka pampando. Ndinapita, n'kuponya khadi lotsegulira chitseko pa kauntalapo.

"Bambo aang'ono, tengani chipindacho. Ine sindinapemphe, ndipo sindigona pa zaulere zondinyozetsa. Musiyeni mwanayu agwire ntchito."

A Tayi anakana kamodzi, kukana kwa munthu amene dzanja latambasuka kale. Mtsikana anandiyang'ana n'kufunsa chapansipansi ngati ndawafunsa amayi. Ndinamuuza kuti ine ndikayankhula ndayankhula.

Katundu ndinalongedza ndekha, wanga ndi wa Mayi, n'kutsika naye. Tizibangili tinasinthana. Kunena zoona ndinamva kukoma. Munthu wopanda ngongole ya ulemu kwa wina aliyense amayenda mowongoka.

Chipinda chapansi si choipa. Timabedi tiwiri, kathebulo pakati, shawa. N'chimene mwana wathu analipira, n'chimene chili chathu.

Mayi anandipeza nditakhala pabedi. Mlamu, atamva kwa amuna ake, anali atawauza kale m'njira. Anali ndi kajumbo kapepala m'manja. Anayang'ana timabedi, zenera, magalimoto, kenako anasuzumira kosambira. Kajumbo kaja anakalowetsa pansi penipeni pa chikwama. Ndinayamba kufotokoza za mtsikana uja, za mawu a a Tayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Chabwino," anatero.

Shawa ya muno imatulutsa madzi ngati ikulavula. Ndaimasula, ndachotsa zoyera zomwe zinatseka timabowo, ndabwezera. Tsopano ikutuluka bwino. Mayi sanayamikire. Mwana wanga asadzamve.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Mayi akuyankhula ndithu. "Shuga uyu." "Zikomo." "Zimitsani getsi." Ndikanakonda akanandilalatira. Mkazi wanga akakwiya amasanduka mlendo wa ulemu, ndipo palibe pogwira.

Kunja kukucha bwino, mphepo yabwino. Ndinazungulira munda wa maluwa, ndinacheza ndi wothirira za mapampu. A Tayi anatsika kudziwe atavala mkanjo wa tawulo, kachibangili kagolide akukaonetsa kwa aliyense ngati wotchi yatsopano. Anayala matawulo pamipando inayi kuti ena asakhalepo, iwo n'kupita kukadya makeke. Mzimayi wina wachikulire anasowa pokhala. Ndinachotsa tawulo limodzi n'kumupatsa mpando. Zimenezo si kukangana.

Mlamu anabwera kudzakhala pafupi nane. Uyu timanyozana kuyambira ali mtsikana, ndiye sandiopa. Anayamba ndi kundifunsa ngati mutu wanga ndinaugula pamsika wa zakale. Kenako anafunsa ngati ndikudziwa zomwe zili m'kajumbo kaja. Ndinati za akazi sindisecha.

"Sopo wa thovu, alamu. Wothira m'bafa. Nthawi yomwe inu mumaponya khadi ngati mfumu, achemwali anali akununkhiza timabotolo kamodzikamodzi kuti asankhe kabwino. Moyo wawo wonse akhala akuchapa maovolosi a munthu woikira akazi a eni ake mabafa."

Ndinati bafa limatha madzi. Akuti madzi ake si anga.

Ndinafunsa ngati iwo kumtundako akulisambira n'komwe bafalo. Akuti iye sangalowemo, manyazi, poti akudziwa mwini wake. A Tayi aviikamo masokosi.

Masokosi.

Madzulo ndinadya pang'ono. Nsomba inali yabwino koma.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ine chibadwire sindinapemphepo chinthu chaulere. Ntchito ndinaiphunzira ndekha, pomasula zinthu n'kuzibwezera mpaka zitasiya kudontha, ndipo palibe anganene kuti anandinyamula. Koma m'mawa uno ndinadikira kuti pa kauntala pasakhale anthu, n'kupita. Ndinavula chipewa. Ndinamuuza mtsikana uja kuti ndabwera kudzapempha, kapemphedwe sindikadziwa, andikhululukire ngati zituluke mokhota. Chipinda chilichonse chokhala ndi bafa, ngakhale kwa masana amodzi.

Anafufuza ndithu, ndinamuona. Akuti kumapeto kwa sabata hotela yadzaza. Ndinati ngati pali chodontha paliponse ndikonza, tisinthane. Anaseka n'kugwira pakamwa. Akuti pulambala ali naye, ndipo akufunsa kale kuti ndani wakhudza shawa ya chipinda chathu. Ndinayang'ana kudenga.

Kenako anandiuza chinthu chomwe sindinachiganize. Akuti iye chipinda chija sanapatse gulu, sanapatsenso ine. Anapatsa amayi, poti pa alendo onse a tsiku lija ndi iwo okha anamufunsa za miyendo. Mu kompyuta chikadali m'dzina lawo. Hotela silanda mphatso, komanso silowerera za pabanja.

Ndinawapeza a Tayi m'kachipinda ka makeke. Pakhomo anandiletsa kulowa chifukwa cha kachibangili koyera, ndiye ndinachita kuwakodola ngati mwana wotumidwa. Ndinanena mosazungulira: ndinapereka chinthu chomwe si changa, ndikuchifuna. Iwo anapukuta zala n'kunena mofatsa kuti mwamuna sabweza mawu, ndipo ndi ine ndimakonda kunena zimenezo. Zoona, ndimanena. Manja anandiyabwa. Ndinawaika m'thumba n'kukazungulira munda wa maluwa mpaka mtima unatsika.

Pa chakudya chamasana tinali awiri, ine ndi Mayi. Ndinawauza Mayi zonse, za kupempha, za kukanidwa, za dzina lawo mu kompyuta. Ndinati ndalephera. Anafunsa ngati ndinavuladi chipewa. Ndinati eya. Anamaliza kudya mosafulumira, napukuta pakamwa, nanyamuka. Ndinawaona akudutsa pa kauntala, kenako akukodola mng'ono wawo.

Ine ndinakagona. Ndinadzidzimuka ndi kugogoda. Kutsegula, a Tayi, sutikesi m'manja, masokosi onyowa m'kajumbo ka pulasitiki.

"Akulu, akuti ine ndi inu tigona muno."

Kumbuyo kwawo kunali mlamu, wadzatenga chikwama cha achemwali ake. Anatambasula dzanja, a Tayi anavula kachibangili kagolide osatsutsa. Akuti achemwali ananena mawu ochepa kwambiri: chipinda n'chawo, ndipo asankha wogona naye.

Ndawapatsa a Tayi bedi la kuzenera, aziona magalimoto.

Loweruka, 13 Sepitembala

A Tayi amaliza mkonono ngati pampu yoyamwa mpweya. Iwo akuti inenso.

Chakudya cham'mawa tinadya awiri, amuna okhaokha, ngati ana othamangitsidwa m'kalasi. Akazi sanatsike. Tinaona wantchito akukwera ndi thireyi yophimba, pali ndi duwa. A Tayi anatenga mbale imodzi yokha. Atamaliza kudya, akuti mwina mtsikana uja anamuyankhula mopyola. Ndinati osati mwina. Anapita pa kauntala okha. Zomwe ananena sindinamve, koma sanatenge nthawi, ndipo pobwera anali akutuluka thukuta.

Munthuyu akakhala wopanda chofuna ndi wochezeka. Wandiphunzitsa kuyandama chagada padziwe, dzanja lake lili kunsi kwa msana wanga, akundiuza kuti ndisalimbane ndi madzi. Ndamwa okwanira ndowa, koma ndayandama. Kumwamba kunali kopanda mtambo. Chapamwamba, pakhonde lija, ndinaona anthu awiri ovala mikanjo yoyera atatsamira chitsulo, akutiloza. Kuseka kwa mlamu kumamveka mpaka pansi. Winayo sindinamve, koma mapewa ankagwedezeka.

Masana ndili m'chipinda, foni ya pakathebulo inalira. Sindinadziwe n'komwe kuti imagwira ntchito. Mayi. Mawu awo ankamveka ngati a munthu ali m'chipinda cha matailosi, ndipo chapansipansi madzi ankachita phwaa, phwaa, akasuntha.

Akuti mng'ono wawo watsikira kudziwe kukaona amuna ake. Ngati ndilibe chochita, ndikhoza kukwera kukamwa tiyi pakhonde lawo. Osati pompano, akadali otanganidwa.

Ndinafunsa ngati madzi akutentha bwino, ngati mpopi sukuvuta.

"Zimenezo si nkhani za alendo, abambo. Mukafika mugogode."

Ndameta ndevu. Malaya anga oyera ndawayala pabedi, akwinyika pang'ono pakolala koma apita. Ndakhala pano kudikira kuti nthawi ipiteko, ndisafike msanga.